Funsani za Umoyo: Mankhwala a 5-Amino-1MQ, Kunenepa ndi Ukalamba

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera m'chigawo cha Tete amene akufunsa za mankhwala amodzimodzi, choncho tawayankha pamodzi. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, mayina a olemba makalatawa sitinawasindikize.

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 52, ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba pamsika wa ku Ulongwe. Zaka zapitazi thupi landikulira, maondo amandiwawa, ndipo ndikakwera kachitunda ndimafika pamwamba ndili wefuwefu. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira kanema pa WhatsApp wonena za mankhwala otchedwa 5-Amino-1MQ. M'kanemamo akunena kuti mankhwalawa amatseka enzaimu ina m'thupi, mafuta n'kumasungunuka munthu akudya monga mwa masiku onse, ndiponso kuti amabweza ukalamba. Mwanayo akufuna kundigulira botolo la mwezi umodzi, ndipo mtengo wake ukuposa phindu la matumba angapo a mbatata. Kodi enzaimuyo n'chiyani, ndipo kodi ndimulole agule?

YANKHO: Amayi, muthokozeni mwana wanu chifukwa cha mtima wake, koma mumuuze kuti asagule. Mankhwala amenewa sanavomerezedwe ndi boma la dziko lililonse kuti azichiritsira anthu, ndipo zabwino zonse zimene akuwanenera zinaoneka pa mbewa za m'labotale. Komabe nkhani yake si bodza lamkunkhuniza, pakuti kumbuyo kwake kuli kafukufuku weniweni wa akatswiri odziwa ntchito yawo. N'chifukwa chake ndikufuna kukufotokozerani bwinobwino pamene zoona zikuthera ndi pamene malonda akuyambira.

Enzaimu mumaidziwa kale, ngakhale dzinali ndi lachilendo. Mukamaphika thobwa mumayamba ndi phala lolimba, lomwe mthiko umachita kuvutika kuyendamo. Mukalitsitsa pamoto n'kudikira kuti lizizireko, mumathiramo chimera cha mawere kapena cha mapira, ndipo pasanapite nthawi yaitali phala lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, ngakhale simunathiremo madzi kapena shuga. Chimene chachita zimenezi ndi enzaimu imene ili m'chimera, yomwe imadula ufa wa m'phala kuusandutsa shuga. Agogo anga ankayesa kutentha kwa phalalo ndi kuseri kwa dzanja asanathire chimera, chifukwa ankadziwa kuti likakhala lotentha kwambiri chimera chimafa ndipo thobwa silikoma. M'thupi mwathu muli maenzaimu miyandamiyanda, ndipo iliyonse ili ndi kantchito kake kofulumizitsa kusintha kwa chinthu china kukhala china. Kagayidwe ka chakudya, kapangidwe ka mphamvu, kasungidwe ka mafuta ndi kachotsedwe ka zoipa m'magazi, zonsezi zimayenda chifukwa cha maenzaimu.

Kutseka enzaimu si nzeru yatsopano, ndipo mankhwala ambiri amene timawadalira amagwira ntchito mwa njira imeneyi. Asipirini amatseka enzaimu imene imayambitsa ululu ndi kutupa. Enalapril ndi captopril, amene ambiri odwala matenda a kuthamanga kwa magazi amalandira kuchipatala, amatseka enzaimu yochititsa kuti mitsempha ya magazi ifinyike. Ma ARV amene apulumutsa abale athu ochuluka amatseka maenzaimu a kachilombo ka HIV kuti kasachulukane. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala onsewa anayesedwa pa anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri, mlingo wake umadziwika, ndipo mavuto amene angabweretse analembedwa papepala limene limakhala m'kabokosi.

Enzaimu imene ikukambidwa m'kanema wanu imatchedwa NNMT, ndipo imapezeka kwambiri m'chiwindi komanso m'maselo a mafuta. Ntchito yake ndi kugwira mtundu wina wa vitamini B3, wotchedwa nicotinamide, n'kuumata kachizindikiro kochititsa kuti thupi liutaye kudzera mu mkodzo. Vitamini ameneyu ndi amene thupi limapangira chinthu chotchedwa NAD+, chomwe selo lililonse limachifuna kuti lisandutse chakudya kukhala mphamvu. Akatswiri anaona kuti m'mafuta a nyama zonenepa kwambiri, ndiponso a anthu ena onenepa kapena odwala shuga, enzaimu imeneyi imachuluka. Apa ndi pamene panabadwira ganizo lakuti ikatsekedwa, vitamini uja sangatayike wambiri, ndipo maselo a mafuta angayambe kuwotcha chakudya m'malo mochisunga.

Mu 2014 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Barbara Kahn ku Boston, m'dziko la America, linachepetsa enzaimuyi m'chiwindi ndi m'mafuta a mbewa zimene zinkadyetsedwa chakudya chonona, ndipo mbewazo sizinanenepe ngati zinzake. Kenako gulu la Stanley Watowich la ku yunivesite ya Texas, mu mzinda wa Galveston, linapanga mankhwala otseka enzaimuyi, ndipo amodzi mwa iwo ndi 5-Amino-1MQ yemweyu. Mu 2018 gululi linalengeza kuti mbewa zonenepa zimene zinabayidwa mankhwalawa zinatsika thupi ngakhale zinkadya mofanana ndi zinzake, maselo awo a mafuta anachepa kukula, ndipo mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol anatsika. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo ndi zimene ogulitsa amazibwereza usana ndi usiku.

Tsopano imvani zimene kanemayo sananene. Mbewazo zinali zowerengeka, zinkabayidwa jakisoni katatu patsiku, ndipo kuyesako sikunathe ngakhale masabata awiri. Mbewa iliyonse inatsika ndi magalamu pafupifupi awiri, kulemera kwa nyemba zinayi kapena zisanu za pabenchi panu. Kwa kanyama kakang'ono chotero si pang'ono, koma kuchoka pamenepo n'kufika pa mayi wa zaka 52 amene akumeza kapisozi kwa miyezi pali mtunda wautali kwambiri. Chiwindi cha munthu sichiphwanya mankhwala mofanana ndi cha mbewa, zimene zalowa ndi jakisoni sizifika m'magazi mofanana ndi zimene zalowa pakamwa, ndipo vuto limene limaonekera pakatha chaka silingaoneke m'masiku khumi ndi limodzi. Pa mankhwala 10 alionse amene amapambana pa nyama n'kuyamba kuyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera, ena chifukwa sathandiza, ena chifukwa amavulaza. 5-Amino-1MQ sanafike n'komwe pa mzere wa mankhwala amene zotsatira za kuyesedwa kwawo pa anthu zinasindikizidwa. Mlingo umene walembedwa pabotolo sunachokere ku kafukufuku wa pa anthu, ndi ogulitsa amene anaupeka.

Pali chinanso chimene chimandichititsa kusamala kwambiri. Enzaimu imeneyi Mulungu sanaiike m'thupi kuti izingowononga vitamini. Chinthu chimene imapanga, chija timati chimatayika mu mkodzo, chili ndi ntchito zake chisanatuluke. Kafukufuku wina wa mu 2015 anasonyeza kuti m'chiwindi cha mbewa enzaimuyi imathandiza kuwongolera shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo wina wa mu 2013 anapeza kuti tinyongolotsi tating'ono ta m'labotale tinkakhala ndi moyo wautali chifukwa cha chinthu chomwecho chimene mankhwalawa akufuna kuchichepetsa. Choncho kutseka enzaimuyi kungakonze malo amodzi n'kusokoneza ena, monga munthu amene watseka ngalande kuti madzi achuluke m'dimba lake osadziwa kuti ngalande yomweyo ndi imene imathirira dimba la kumunsi.

Ngozi ya mtundu umenewu inachitikapo, ndipo si kale kwambiri. Mu Januwale 2016, mu mzinda wa Rennes ku France, akatswiri ankayesa pa anthu athanzi mankhwala ena otseka enzaimu, amene anali atayesedwa kale pa mbewa, makoswe, agalu ndi anyani. Amuna asanu ndi mmodzi anagonekedwa m'chipatala, mmodzi anamwalira, ndipo ena anavulala ubongo. Anthu amenewo anali m'manja mwa madokotala amene ankawayang'anira usiku ndi usana. Inu mukamwera mankhwala osayesedwa kunyumba kwanu ku Ulongwe, palibe amene adzakhale akuyeza magazi anu.

Mukadzaona botolo la mankhwalawa mudzapeza kuti ambiri amalembapo m'Chingelezi, ndi tizilembo tating'ono, kuti ndi ochitira kafukufuku basi, si oti munthu amwe. Mawu amenewo ndi chishango cha wogulitsa, kuti mukadwala adzati anakuchenjezani. Kuno ku Mozambique bungwe la ANARME ndi limene limalembetsa mankhwala oyenera kugulitsidwa m'dziko, kutsidya ku Malawi kuli PMRA, ku South Africa kuli SAHPRA, ndipo mankhwala amene sanadutse m'manja mwa mabungwe otere palibe amene angakutsimikizireni kuti m'kapisozi muli chiyani. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma sindikufuna kukusiyani ndi mawu okaniza okhaokha, chifukwa zimene mwalemba zokhudza thupi lanu zikufunika kuchitapo kanthu. Kupuma wefuwefu pa kachitunda kungachokere ku kulemera kwa thupi, komanso kungakhale chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi kapena vuto la mtima. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti anthu pafupifupi 39 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pitani kuchipatala m'mawa musanadye kanthu, mukapemphe kuti akuyezeni BP ndi shuga, ndipo mukawauze za kupumako ndi za maondo. Ngati mwana wanu akufuna kukuthandizani ndi ndalama, akugulireni kamakina koyezera BP kunyumba ndi nsapato zabwino zoyendera.

Pa nkhani ya kuchepetsa thupi pali umboni wochokera kwa anthu enieni. Ku America anthu opitirira 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga anagawidwa m'magulu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Gulu limene linathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kutsitsa thupi ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse, linachepetsa ngozi yodwala shuga ndi magawo 58 pa 100, pamene gulu limene linkamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin linaichepetsa ndi magawo 31. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, kutsikako ndi makilogalamu 6 okha. Pamsika mumakhala pansi tsiku lonse, ndipo zapafupi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mandasi ndi tchipisi. Yambani ndi kuchepetsa zimenezo. Chepetsani mitanda ya nsima, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke m'mbale, shuga wa mu tiyi atsike pang'onopang'ono mpaka lilime lizolowere, ndipo muziyenda mwandawala kwa theka la ola masiku asanu pa sabata, poyambira pa njira yosakwera kufikira maondo atalimba.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, wa zaka 69, ndimakhala ku Furancungo. Sindine wonenepa, vuto langa ndi lakuti miyendo yayamba kufooka, moti kudzuka pampando ndimachita kugwira khoma. Mdzukulu wanga anandiwerengera pa intaneti kuti 5-Amino-1MQ anabwezeretsa mphamvu m'minofu ya mbewa zokalamba, ndipo amachita zimenezi pochulukitsa vitamini B3 m'maselo. Ngati mankhwalawo ndi osavomerezeka, kodi ndingogula vitaminiyo wambiri ku famasi n'kumamwa?

YANKHO: Aphunzitsi, mdzukulu wanu anawerenga zoona. Mu 2019 gulu lomwe lija la ku Galveston linatenga mbewa za miyezi 24, zomwe msinkhu wake tingauyerekeze ndi munthu wa zaka pafupifupi 70, linazivulaza dala mnofu wa pamwendo, kenako n'kuzibaya mankhwalawa. Minofu ya mbewa zobayidwazo inapola bwino kuposa ya zinzake ndipo inakhala yamphamvu. Koma onani kuti kumeneko kunali kupola kwa bala lopangidwa m'labotale pa masabata ochepa. Kafukufukuyo sanasonyeze kuti mbewazo zinakhala ndi moyo wautali, ndipo zonse zimene ndauza amayi a ku Ulongwe zokhudza mtunda wa pakati pa mbewa ndi munthu zikugwiranso ntchito pano. N'zoyenera kudziwanso kuti mtsogoleri wa gululi anakhazikitsa kampani yotchedwa Ridgeline Therapeutics kuti ipititse patsogolo mankhwala a mtundu umenewu m'njira yovomerezeka. Ngati eni ake a nzeruyi akutsata njira yaitali ya kuyesa, ife tilibe chifukwa chowadumphira kutsogolo.

Funso lanu la vitamini B3 landifika pamtima, chifukwa ife a ku Tete vitamini ameneyu tinamudziwira pa khungu la abale athu. Inu mukukumbukira bwino kuposa ine zaka za nkhondo, pamene midzi ya ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Mutarara inasamukira ku Malawi. M'misasa chakudya chinali ufa wa chimanga, nyemba pang'ono ndi mtedza. Mtedza utasiya kubwera kwa miyezi ingapo, mu 1990 anthu opitirira 18,000 m'misasa ya othawa nkhondo anadwala pelagra, matenda obwera chifukwa choperewera vitamini B3. Khungu la pakhosi, kuseri kwa manja ndi pamapazi, paliponse pamene dzuwa limawomba, linkada n'kung'ambika ngati lapsa ndi moto, m'mimba munkatseguka, ndipo ena mutu unkasokonekera. Mliriwo unatha pamene mtedza unayambanso kugawidwa, anthu n'kupatsidwa mapiritsi a vitamini, ndiponso ufa n'kuyamba kuthiridwa vitaminiyu. Matendawa anaonekanso ku Sofala mu 2019, namondwe wa Idai atakokolola minda.

Chifukwa chake n'chakuti vitamini B3 amene ali m'chimanga ndi womangika, thupi silitha kumutulutsa wambiri, ndipo tikakonola chimanga, kuchiviika ndi kuchigayitsa kuti tipeze ufa woyera timatayanso zina zabwino zimene zimatsala mu mgaiwa. Munthu amene amadalira nsima ndi masamba owiritsa okha, makamaka wokalamba wokhala yekha, womwa mowa kwambiri, kapena amene akumwa isoniazid wa chifuwa chachikulu, angathe kuperewera vitaminiyu lero lomwe lino popanda nkhondo. Kwa munthu wotereyu vitamini B3 ndi mankhwala enieni, otsika mtengo, ndipo amachiza msanga.

Koma amene sakuperewera sapindula pomwa wambiri. Thupi likalandira wopitirira muyeso limachulukitsa ntchito ya enzaimu yomwe ija ya NNMT kuti limutaye, ndipo mlingo waukulu ukamwedwa kwa nthawi yaitali umavulaza chiwindi, pamene mtundu wina wa vitaminiyu umakwezanso shuga m'magazi. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 14 mpaka 16 okha patsiku. Mtedza wodzaza dzanja, nsinjiro m'ndiwo, kapenta wa ku Cahora Bassa, nyama ya nkhuku, chiwindi mwa apo ndi apo, zimenezi zimakwaniritsa mlingowo, ndipo zimabweretsanso zomanga thupi zimene minofu yanu ikuzifuna kwambiri pa msinkhu umenewu. Okalamba ambiri amasiyira ana nyama ndi mazira iwo n'kumadya nsima ndi msuzi. Ndi chikondi, koma miyendo ndi imene imalipira.

Kufooka kwa minofu kumayamba pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30 ndipo kumathamanga akadutsa zaka 60, koma kumabwezeka kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1990 dokotala wina dzina lake Maria Fiatarone anaphunzitsa okalamba khumi a zaka 86 mpaka 96, okhala kunyumba yosungirako okalamba ku Boston, kunyamula zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata asanu ndi atatu mphamvu ya miyendo yawo inawirikiza kuposa kawiri. Inu muli ndi zaka 69 zokha. Tengani mpando wolimba, muutsamiritse kukhoma, mukhale pansi n'kudzuka kasanu mpaka kakhumi, poyamba mukudzithandiza ndi manja, kenako manja ali pachifuwa. Mupume, mubwerezenso kawiri. Muzichita zimenezi masiku atatu pa sabata, ndipo zikayamba kupepuka munyamule chigubu cha madzi cha malita awiri, pambuyo pake cha malita asanu. Muwonjezerepo kuima ndi zala za kumapazi mutagwira khoma, ndi kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi tebulo.

Musanayambe, kaonaneni ndi achipatala. Ngati kufookako kunabwera mwadzidzidzi, kuli mbali imodzi ya thupi, kukutsagana ndi dzanzi kapena kutentha kwa mapazi, kapena mwaonda popanda chifukwa, pamenepo si ukalamba wokha ayi, ndipo pafunika kuyeza shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chifuwa chachikulu.

FUNSO: Ndili ndi zaka 26, ndimakhala ku Moatize, ndimasewera mpira komanso ndimanyamula zitsulo. Mnzanga wa kumalo konyamulira zitsuloko anandigulitsa 5-Amino-1MQ wa jakisoni, akuti ndi peptide wabwino wowumitsa thupi. Ndadzibaya masiku khumi ndipo palibe chimene ndikumva. Kodi si umboni woti ndi wabwinobwino? Ndimalize botololi?

YANKHO: Achimwene, lekani lero, musamalize. Kusamva kanthu si umboni, chifukwa chiwindi ndi impso zimatha kuwonongeka kwambiri munthu akuyenda ndi kusewera mpira bwinobwino, ndipo zizindikiro zimadzaoneka mochedwa. Kungakhalenso kuti m'botolomo mulibe n'komwe mankhwala amene alembedwapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi mwa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyeso, ndipo chiwerengero chimenecho ndi cha mankhwala odziwika, amene ali ndi owayang'anira. Zochepetsa thupi zogulitsidwa mwamseri zapezeka kambirimbiri zitasakanizidwa ndi sibutramine, amene anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo pakati pa onyamula zitsulo pamayendanso mankhwala owotcha mafuta otchedwa DNP, amene analetsedwa ku America mu 1938 koma akuphabe achinyamata powatenthetsa thupi mopitirira muyeso.

Mnzanuyo walakwitsanso dzina. 5-Amino-1MQ si peptide (kachidutswa kakang'ono ka puloteni), ndi kamankhwala ka mtundu wina kotheratu, ndipo wogulitsa amene sadziwa mtundu wa chimene akugulitsa sangadziwe ukhondo wa chimene mukulowetsa pansi pa khungu lanu. Ngati munabwerekanapo singano kapena kutunga m'botolo limodzi ndi anzanu, mukayezetse HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndipo ngati zimenezo zachitika m'maola 72 apitawa thamangani lero kuchipatala mukafunse za mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP. Pa nkhani ya mpira, malamulo a WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amaletsa wosewera kugwiritsa ntchito mankhwala alionse amene sanavomerezedwe kuchiritsira anthu, kaya pa nthawi ya mpikisano kaya ayi, ndipo amenewa ali m'gulu lomwelo.

Tengani botololo ndi kabokosi kake mupite nazo kuchipatala, mukafotokoze mosabisa tsiku limene munayamba ndi mlingo umene munkadzibaya, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni chiwindi ndi impso. Mukaona maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, nseru yosatha, mtima kugunda mothamanga mutangokhala, kutuluka thukuta kosalekeza, kapena chotupa chotentha pamalo obayapo, musadikire kuti kuche. Mukachoka kuchipatala mukawauzenso anzanu onyamula nawo zitsulo amene anagula kwa munthu yemweyo, chifukwa mabotolo awo anachokera m'katoni imodzi ndi lanu.